Timibulu ta madzi pa boneti: zimene waksi wopopera amachita pa penti ya galimoto

Pa malo ambiri otsukira magalimoto mu Lilongwe, kaya ndi m'mphepete mwa msewu wa M1, ku Biwi, ku Kawale kapena ku Area 25, pali kachitidwe kena kamene kamaoneka ntchito ikafika kumapeto. Wotsuka akamaliza kupopera waksi ndi kupukuta, amatapa madzi pang'ono m'manja n'kuwaza pa boneti, ndipo madziwo akangosanduka timibulu tozungulira tonyezimira, amacheukira mwini galimoto n'kunena kuti, "Bwana, taonani nokha, madzi sakugwira." Mwini galimoto amagwedeza mutu mokhutira n'kupereka ndalama yoonjezera, ali ndi chikhulupiriro chakuti penti yake yatetezeka. Chikhulupiriro chimenechi sichabodza kwenikweni, koma timibulu timeneti timanena zochepa kuposa zimene anthu amaganiza, ndipo m'nyengo zina za kuno timabweretsa mawanga amene mwini galimoto amafuna kuwapewa.

Chiyambi cha nkhaniyi chili m'madzi momwemo. Madzi amapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene asayansi amati mamolekyu, ndipo tizidutswati timakokana mwamphamvu. Kachidutswa kamene kali pakati pa dontho kamakokedwa mofanana kuchokera mbali zonse, koma kamene kali kunja kamakokedwera m'kati mokha, choncho kunja kwa dontho kumakhala ngati kachikopa kokungika kamene kamafuna kufupika nthawi zonse. Ndi kachikopa kameneka kamene kamanyamula tizilombo ta miyendo yaitali timene timayenda pamwamba pa madzi m'madambo, ndiponso kamayandamitsa singano ikaikidwa mosamala m'mbale ya madzi. Dontho likagwera pa chinthu cholimba pamabuka mpikisano: madzi akukokana okhaokha kuti akhale ozungulira, pamene chinthucho chikuwakoka kuti ayalike. Galasi lotsukidwa bwino limakoka madzi mwamphamvu, n'chifukwa chake amayalika n'kukhala ngati nsalu yopyapyala. Phula, mafuta ndi silikoni (mankhwala oterera opangidwa m'fakitale) zimakoka madzi mofooka, ndipo madziwo posowa chowagwira amadzikundika okha.

Wasayansi wa ku England, Thomas Young, anafotokoza mpikisano umenewu m'chaka cha 1805, ndipo muyeso umene unachokera m'kafotokozedwe kake ukugwirabe ntchito. Amayeza ngodya imene m'mphepete mwa dontho mumapanga ndi chinthu chimene lakhalapo. Ngodyayo ikakhala yochepera madigiri 90, dontho limaoneka lophwatalala ndipo chinthucho chimatchedwa chokonda madzi. Ikapitirira madigiri 90, dontho limaimirira ndipo chinthucho chimatchedwa chokana madzi. Penti yopakidwa waksi wabwino imafika pa madigiri 100 mpaka 110 kapena pafupi pamenepo. Chofunika kuchisunga ndi chakuti pa chinthu chosalala, ngakhale chipakidwe mankhwala okana madzi kwambiri, ngodyayo siipitirira madigiri pafupifupi 120.

Alimi a m'dimba amadziwa madontho ozungulira kuposa amenewa. Pa tsamba la koko madzi amagubuduzika ngati mikanda yoduka ulusi, ndipo tsambalo limatsala louma ngakhale mvula igwe usiku wonse. Akatswiri a zomera a pa yunivesite ya Bonn ku Germany, Wilhelm Barthlott ndi Christoph Neinhuis, anaonetsa m'chaka cha 1997 kuti tsamba la chomera cha m'madzi chotchedwa lotus limachita zimenezi chifukwa lili ndi tizitunda tosawerengeka tokutidwa ndi phula lachilengedwe, kotero kuti dontho limakhala pansonga za tizitundato, pansi pake pali mpweya. Pamenepo ngodya imapitirira madigiri 150. Penti ya galimoto singathe kupikisana ndi tsamba lotere, chifukwa kunyezimira kwake kumadalira kusalala, ndipo tizitunda tosalimba ngati timeneti tikanaphwanyika tsiku loyamba limene wotsuka wadutsitsapo nsalu. Botolo la waksi likajambulidwa tsamba la lotus, chithunzicho ndi cha otsatsa malonda.

Tisanatsegule botolo, ndi bwino kuona chimene waksiyo akukakhalapo. Penti ya galimoto yamakono ili ndi miyalo ingapo: pansi pali mankhwala oteteza chitsulo ku dzimbiri ndi penti yoyambira, pakati pali penti yamtundu, ndipo pamwamba pali myalo woonekera umene amisiri opopera magalimoto amautcha kiliya. Miyalo yonse pamodzi imakhuthala mamaikironi 100 mpaka 150 pa magalimoto ambiri, ndipo maikironi imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita. Kiliya yekha amakhala mamaikironi pafupifupi 40 kapena 50. Pamene boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, malire anali mamaikironi 60, kutanthauza kuti chimene chimateteza mtundu wa galimoto ndi chopyapyala kuposa jumbo yovomerezeka ndi lamulo. Waksi wopopera akapukutidwa amasiya kamyalo kosakwana ngakhale maikironi imodzi. Munthu akamvetsa kuchepa kumeneku amaleka kuyembekezera kuti waksi aletse timiyala tothamanga pa msewu kapena kukanda kwa nthambi.

M'botolo lenilenilo, gawo lalikulu ndi madzi. M'madzimo amamwazamo timadontho ta phula kapena ta silikoni mothandizidwa ndi mankhwala osakaniza mafuta ndi madzi, monga mmene mafuta amakhalira mu mkaka, ndipo n'chifukwa chake waksi wambiri wopopera amaoneka woyera ngati mkaka. Phula lotchuka pa ntchitoyi ndi la carnauba, limene amalikolola pa masamba a mtengo wofanana ndi mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, makamaka m'zigawo za Piauí ndi Ceará. Phula limeneli ndi lolimba ndipo limasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86, pamene phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Kusiyana kumeneku kuli ndi tanthauzo kwa aliyense amene anagwirapo denga la galimoto yakuda itakhala padzuwa masana a mu Okutobala, pakuti chitsulo chotere chimatha kupitirira madigiri 70. Komabe carnauba wa m'botolo lopopera amakhala wochepa, ndipo ntchito yaikulu yokana madzi imagwiridwa ndi silikoni ndi mankhwala ena opangidwa m'fakitale, amene ena mwa iwo amapangidwa kuti azimamatira pa penti ngakhale ili yonyowa.

Masiku ano mabotolo ambiri amalembedwa mawu akuti ceramic kapena SiO2, ndipo wogula amauzidwa kuti akupaka galasi pa galimoto yake. Apa pali chinthu choseketsa pang'ono. SiO2 ndi chimene chimapanga mchenga ndi galasi, ndipo taona kale kuti galasi loyera limayalitsa madzi. Chimene chimakana madzi m'mabotolo amenewa ndi timagulu ta kaboni ndi haidrojeni tolumikizidwa ku silikoni, timene timaloza kunja pamene mankhwalawo auma. Ambiri mwa mabotolowa amakhalitsadi kuposa carnauba wopopera, koma ndi osiyana ndi ceramic weniweni amene amapakidwa ndi akatswiri atatha tsiku lathunthu akukonza penti, amene amauma n'kulimba ndipo amatha zaka. Waksi wamba wopopera amawerengedwa m'masabata, ndipo miyezi imene imalembedwa pa botolo kawirikawiri siiganizira galimoto imene imagona panja n'kumayenda m'misewu ya fumbi tsiku ndi tsiku.

Tsopano tingathe kufunsa kuti timibulu tija timachitira umboni chiyani. Timaonetsa kuti pamwamba penipeni pa penti pali chinthu chokana madzi pa nthawi imeneyo, basi. Sitinena kuti chinthucho ndi chiyani, ndi chokhuthala bwanji, kapena chikhala masiku angati. Mafuta ophikira atapakidwa pa boneti angapange timibulu, parafini angateronso, ndipo kiliya watsopano amene sanaonepo waksi amakana madzi payekha. Sopo wina wotsukira magalimoto amasiya kasilikoni kochepa kamene kamakongoletsa madontho kwa masiku awiri kapena atatu. Ngakhale kukula kwa timibuluto, kumene anthu amakutenga ngati chizindikiro cha waksi wapamwamba, kumadalira kwambiri mmene madzi afikira. Dontho likakula kupitirira mamilimita awiri kapena atatu, kulemera kwake kumayamba kuliphwatalalitsa, pamene timadontho ta nkhungu yochokera m'botolo lopopera timakhala tozungulira bwino pa penti iliyonse yokana madzi ngakhale pang'ono. Amene amajambula makanema a pa Facebook ndi TikTok amadziwa bwino zimenezi, ndipo sathira madzi ndi ndowa.

Kutha kwa timibulu nakonso sikutanthauza nthawi zonse kuti waksi watha. Popeza madzi amangokhudza chimene chili pamwamba penipeni, kamyalo ka fumbi losakanikirana ndi utsi wa dizilo, kapena sopo amene sanatsukuluzidwe bwino, kamakwanira kubisa waksi amene akadali pansi. Eni magalimoto ambiri amagula botolo lina pamene chimene chimafunika ndi kutsuka bwino ndi kutsukuluza ndi madzi okwanira.

Pali muyeso wachiwiri umene, m'kuona kwanga, ndi wofunika kuposa woyamba ngakhale sutchulidwa kawirikawiri: kupendekeka kumene kumafunika kuti dontho liyambe kutsetsereka. Dontho likhoza kuimirira mokongola koma n'kukhala lomatirira pamalo ake, chifukwa m'mphepete mwake mwakodwa pa tizikanda ndi tizinyalala ta pa penti. Dontho lina likhoza kukhala lophwatalala pang'ono koma n'kutsetsereka msanga, n'kutenga fumbi limene lapeza panjira. Galimoto imene madzi amachokapo mosavuta imauma msanga ndipo imada mochedwa, pamene galimoto imene timibulu timangokhala chiimire pa denga ndi pa boneti ili ndi vuto limene Lilongwe amalikulitsa.

Vutolo limayamba ndi fumbi. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala mvula siigwa kwenikweni, ndipo aliyense amene amachoka pa tara kulowera m'misewu ya m'makwalala amadziwa kuti galimoto yotsukidwa m'mawa imafiira pofika madzulo. Pa fumbilo pamaonjezereka phulusa la moto wa m'tchire ndi zimene kamvulumvulu wanyamula. Kenaka kumabwera chizimalupsa, kamvula kowaza kosakwanira kutsuka chilichonse. Pa penti yopanda waksi madzi ochepawo amayalika ndipo dothi limafalikira mofanana. Pa penti ya waksi kadontho kalikonse kamasonkhanitsa fumbi lozungulira, dzuwa likatuluka madzi amauluka, ndipo popeza dontho limauma msanga m'mphepete, zonse zimene zinali m'kati zimakankhidwira kumeneko n'kutsala ngati kamphete. Galimoto imadzuka ili ndi mawanga ngati nkhanga. Mawanga a fumbi amachoka potsuka, ndipo pa waksi amachoka mosavuta, koma amadabwitsa munthu amene analipira kuti galimoto yake izioneka yoyera.

Mawanga ovuta ndi a michere. Madzi a Lilongwe Water Board amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, atasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, koma malo ambiri otsukira magalimoto ndi nyumba zambiri zimadaliranso zitsime ndi mijigo, makamaka mipopi ikauma. Madzi a pansi pa nthaka amasungunula kashiamu ndi magineziamu m'miyala imene adutsamo, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana chitsime ndi chitsime. Mayi amene amaona zoyera zikumatirira pansi pa ketulo amadziwa kale mtundu wa madzi ake. Madzi otere akauma pa penti yotentha amasiya layimu yemweyo wa m'ketulo, ndipo kamulu ka madzi kamene kali m'kambulu kamodzi kamasiya michere yake yonse pa kamalo kakang'ono. Mawangawo akakhalitsa padzuwa amatha kudya kiliya n'kusiya tizenje tosazama timene sopo sangachotse, kufikira mmisiri atapala pentiyo ndi makina, ndipo kupala kulikonse kumachepetsa mamaikironi 40 aja. Anthu ena amati madontho amawotcha penti posonkhanitsa kuwala kwa dzuwa ngati galasi lokulitsira zinthu, koma dontho lokhala pa chinthu chosalala silisonkhanitsa kuwalako pa malo pamene lakhalapo; choononga ndi zimene zimatsala madzi akauluka.

N'chifukwa chake wotsuka wodziwa ntchito samasiya galimoto ya waksi kuti iume yokha. Amatsukira pamthunzi, ndipo pomaliza amachotsa kamutu ka paipi kuti madzi atuluke mofatsa n'kuyenda pa denga ngati chinsalu chimodzi. Pa penti yokana madzi chinsalucho chimadzikoka chokha n'kutsika, n'kusiya timadontho towerengeka timene thaulo limodzi limamaliza. Apa ndi pamene phindu lenileni la waksi limaonekera, ndipo wotsuka amene alibe paipi angachite chimodzimodzi pothira madzi pang'onopang'ono ndi chikho.

Nanga dzuwa? Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta ndiponso pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Febuluwale. Ambiri mwa magalimoto a m'misewu yathu, monga Sienta, Passo, Vitz ndi Mira, anagwira kale ntchito zaka zingapo ku Japan asanatsike pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, choncho kiliya wake amafika atayamba kale kukalamba. Sizachilendo kuona denga ndi boneti zitayera n'kuyamba kusupuka ngati njoka yofundula. Chitetezo chachikulu ku kuwala koononga kwa dzuwa chili m'kati mwa kiliya mwenimwenimo, mmene opanga amasakanizamo mankhwala omeza kuwalako, ndipo kamyalo ka waksi kosakwana maikironi imodzi kangathandize pang'ono chabe. Kiliya akayamba kusupuka palibe botolo limene lingamubwezeretse. Yotsala ndi kupopera penti ina. Mthunzi wa shedi umagwira ntchito imeneyi kuposa waksi aliyense, ngakhale mthunzi wa mtengo uli ndi mtengo wakewake, pakuti zitosi za mbalame, utomoni wa mango ndi maluwa onyowa a jakaranda zimadya kiliya zikauma padzuwa. Pa zimenezi waksi amathandizadi, chifukwa amachedwetsa kumatirira kwake n'kupatsa mwini galimoto maola angapo oti apukute.

Mdani wina wa waksi wopopera ali m'ndowa ya wotsuka. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wotchipa ndipo amachita thovu lambiri, koma anapangidwa kuti azisungunula mafuta, ndipo mphamvu yake imafupikitsa moyo wa carnauba. Sopo wamadzi wotsukira mbale amachitanso zofanana pa waksi wofooka, ngakhale kuti pa mankhwala olimba a silikoni nthawi zambiri amangowaphimba kwa kanthawi. Sindikuweruza achinyamata amene amatsuka magalimoto angapo pa tsiku ndi ndowa ziwiri ndi nsalu imodzi, pakuti ndalama imene amalandira siilola kugula shampu wa galimoto. Koma mwini galimoto amene wagula waksi wa ndalama zambiri n'kumatsukitsa ndi sopo wa ufa kawiri pa sabata sayenera kudandaula kuti botololo linali lachinyengo. Nsalu imodzi ija, imene yachokera ku matayala n'kupita ku boneti, imanyamulanso mchenga umene umajambula tizikanda tozungulira tooneka padzuwa, ndipo tizikanda timeneti ndi timene timakola madontho kuti asatsetsereke.

Kapakidwe kake n'kosavuta, ndipo kulakwa kofala ndi kuchulutsa. Kupopera kawiri kapena katatu kumakwanira chitseko chimodzi, kenaka kuyala ndi nsalu yofewa ya microfibre n'kupukuta ndi ina youma, chitsulo chili chozizira. Wochuluka samatira, amangosiya mizere imene imaoneka kwambiri pa galimoto yakuda ndiponso imakopa fumbi. Waksi amamatira pa penti yopanda litsiro yokha, ndipo njira yodziwira ndi kuvala kapulasitiki kopyapyala kudzanja n'kusisita boneti yotsukidwa: ikamveka ngati mchenga, pali zomatirira monga tara ndi tizitsulo ta mabuleki, zimene zimachoka ndi dongo lapadera lotsukira penti. Pa galasi lakutsogolo waksi wa penti sayenera kufikapo, pakuti mawaipa amamufalitsa n'kupanga chimbuuzi chimene chimatsekereza maso usiku wa mvula magetsi a galimoto zina akamawala.

Amisiri opopera penti ali ndi chifukwa chawo chodera silikoni. Kadontho kake kakatsala pa chitsulo chimene akufuna kupenta, penti yatsopano imathawa pamalopo monga mmene madzi amathawira, n'kusiya tizenje tozungulira ngati maso a nsomba. Choncho amene akupititsa galimoto kokawongola achita bwino kumuuza mmisiri kuti anapoperapo waksi, kuti atsuke ndi mankhwala ochotsa mafuta asanayambe. Galimoto ikatuluka ndi penti yatsopano, amisiri ambiri amalangiza kudikira mwezi umodzi kapena kupitirira musanapake waksi, kuti mankhwala osungunulira penti athe kuuluka.

Amene akufuna kudziwa ngati botolo lake likugwira ntchito angathe kuyesa pakhomo popanda chida chilichonse. Atsuke boneti n'kuipukuta, amate tepi pakati, apopere waksi mbali imodzi yokha, kenaka achotse tepiyo. Sabata iliyonse akatsuka, athire chikho chimodzi cha madzi kumtunda kwa boneti kuti atsikire mbali zonse ziwiri, ndipo m'malo moyang'ana kukongola kwa timibulu, awerenge masekondi amene mbali iliyonse imatenga kuti madzi achoke, aonenso mbali imene fumbi likuchoka mosavuta. Sabata imene mzere wa tepi uleke kuoneka madzi akathiridwa, ndiyo sabata imene waksiyo wathera pa galimoto imeneyo, ndi sopo ameneyo, m'misewu imene imayendamo.